Akunja Alowa M'foni ya a Kenson

"Andihaka!" anatero a Kenson, akugwedeza foni m'mwamba ngati munthu wogwira khoswe kumchira. "Mayi a Carol, ukundimva? Akunja andihaka!"

"Tsitsani mawu, bambo," anayankha mkazi wawo Chrissy, osasiya kusita shati. "Sisi Zanele ali panjapo, akuyanika zovala."

A Kenson anatsitsadi mawu. Kukalipa m'Chichewa uli m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ku Umlazi kumafuna luso. Umakwiya ndi nkhope yonse, koma mawu umawatulutsa monong'ona, kuopa kukumbutsa eni dziko kuti pakhomo pawo pali kwerekwere, mlendo wa dziko lina. Anasuzumira pawindo, nakweza dzanja kwa mwini nyumbayo, mano onse pamtunda. "Yebo, Mama, sawubona!" Kenaka anatembenuka n'kuutola mkwiyo wawo pamene anausiya.

Mawu oti kuhaka anali atangowaphunzira kumene. Kumudzi anthu anali atavota chaka chomwecho, ndipo aliyense woimba foni kuchokera ku Malawi ankangokamba mphekesera za makompyuta. A Kenson anawakonda mawuwo, moti ankangodikira tsiku loti awagwiritse ntchito, chifukwa nawonso anali pa kampeni. Ankafuna upulezidenti wa Tiyikane Kwathu, bungwe la Amalawi a kumwera kwa Durban limene limanyamula maliro a mamembala kupita nawo kumudzi. Mkati mwa sabata ankadula kapinga m'mayadi a azungu ku Amanzimtoti. Lamulungu ankavala suti, anthu n'kumawatcha Bwana Kandideti.

Sutiyo inali pamsomali kukhoma, ikudikira shati. Inagulidwa ndi malowolo a mwana wawo Carol. Kwawo ku Ntchisi mwana wamkazi sagulitsa, mkamwini amangobwera ndi nkhuku, koma pamene Laiton anabwera kudzafunsira mbeta, a Kenson anati, "Kuno ndi ku Joni, titsate za kuno." Atsibweni a mwanayo anangomva nkhani itatha kale.

"Makalata onse amene ndinalembera a Chigomezgo, mlembi wathu, afika m'foni ya membala aliyense," ananong'ona a Kenson mwaukali. "Onse! Ngakhale ija ndinati Frazer, amene akulimbana nane, mutu wake uli ngati dzungu."

"Nanga ija munati mukapambana muchotsa m'bungwe onse obadwira ku Zimbabwe?"

"Iyonso."

"Ija munati ngakhale mkamwini wanu Laiton simumusiya?"

"Ndati onse, kodi m'makutumo muli thonje? Ndipo amene wachita zimenezi ndikumudziwa. Ndani amang'amba mimba za mafoni ku Isipingo? Si Laiton yemweyo? Nanga pasiwedi yanga ndi chiyani? Carol! Dzina la mkazi wake. Umboni wina wotani? Azimbabwe alowerera chisankho chathu."

Chrissy anatembenuza shati n'kuyamba kusita kolala. Amene anachita zimenezo anali iye mwini, ndipo sipanafunike kung'amba mimba ya foni. Maso a amuna ake anali atasiya kuona tizilembo ting'onoting'ono, zala nazo zinali zokakala ndi fosholo, moti akadina chilembo chimodzi zinkatuluka zitatu. Choncho kalata iliyonse ankailankhula ali chiimire, dzanja limodzi m'thumba, Chrissy n'kumalemba. Lachisanu lapitalo, ali m'tekisi yopita ku Toti, ku Amanzimtoti komwe kuja, kumene ankakolopa mafuleti a alendo, anatulutsa foniyo, imene ankaitenga tsiku lililonse kukaitchaja kuntchito, n'kutumiza makalatawo kwa mamembala onse.

Sanachite chifukwa cha nkhanza. Carol anali atamva kale mphekesera za lamulo lochotsa obadwira ku Zimbabwe lija, ndipo anabwera kudzanena mawu amodzi okha: "Amayi, bambo akachotsa a Laiton, adziwe kuti achotsanso ine ndi mwana wanga Takunda. Pakhomo pano sindidzapondaponso." Carol anali mwana yekhayo amene Chrissy anatsala naye, ndipo kwa munthu wa ku Ntchisi mwana wamkazi ndiye mudzi. Chrissy anayesa kuwachonderera amuna ake, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Ndiye anaganiza kuti anthu akawerenga zonyansazo, bamboyo achita manyazi, agwa pachisankho, nkhani ithera pomwepo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

"Bambo," anatero mofatsa, "polemba makalatawo munali ndi ndani?"

"Ndinali ndekha m'nyumba muno."

"Ine ndinali kuti?"

"Iwe unalipo, koma ine ndikunena za anthu."

Chrissy anapitiriza kusita. "Chabwino. Nanga Laiton ndi wakunja bwanji? Agogo ake si anachoka ku Dedza wapansi kupita kumigodi ya ku Zimbabwe?"

"Kamufunse mudzi wake. Akuuza kuti Kompaundi Namba Thu. Akamwalira mtembo tidzapita nawo kwa mfumu iti, Mfumu Kompaundi? Bungwe lathu ndi Tiyikane Kwathu. Wopanda kwawo tikamuyike kuti?"

"Mayi ake, a Anna, akhala akusambitsa maliro a azimayi athu kuyambira tsiku limene bungwe linabadwa. Nthawi yonseyo simunawafunse mudzi."

"Kusambitsa ndi kwina, umembala ndi kwina."

"Chaona mnzako chapita, bambo."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anayankha a Kenson, akudzisisita pamutu. "Maliza shatiyo, tichedwa kutchalitchi."

Manyazi amene Chrissy ankawadikira sanabwere. M'malo mwake kunabwera anthu. Sabata yonseyo amuna ankalowa m'kachipindamo awiriawiri, akuvula zipewa ngati pasiwa, n'kuwagwira a Kenson chanza ndi manja awiri. "Eish, Bwana Kandideti, pepani. Komatu mwanena zimene tonsefe timaopa kunena." Za dzungu la a Frazer ankangoseka, za obadwira ku Zimbabwe ankagwedezera mutu. Amene sankagwirizana nazo analipo, koma ankakhala chete, popeza palibe ankafuna kumveka ngati ali mbali ya akuba.

Nkhaniyo inakula ngati chotupa. Lolemba wohaka anali Laiton yekha. Pofika Lachitatu anali ndi gulu ku Bulawayo. Lachisanu wina wogulitsa masokosi pamsewu analumbira kuti makina ake ali ku China ndipo amatha kumva munthu akutsokomola ku Umlazi. Zimene zinali m'makalatamo anthu anaziiwala, onse ankangofunsa kuti akunjawo analowa bwanji. Chrissy ankawaphikira tiyi alendowo, n'kumamva mbiri ya ntchito ya chala chake.

Loweruka masana anakwera tekisi kupita ku Isipingo. Laiton anali ndi katebulo pakhonde pa sitolo ya nsalu, pamene ankakonzera mafoni. Masiku onse pankakhala Amalawi ali mbwee, koma tsikulo panali Carol yekha, atakhala pa kireti, mwana wake Takunda akugona pamsana. Mwendo umodzi wa tebulo unali womangidwa ndi waya.

Laiton ataona apongozi ake anaimirira, n'kuyang'ana kumbali monga ulemu ufunira. Chrissy nayenso anayang'ana kukhoma.

"Tebulo latani, bambo a Takunda?"

"Linagwa, amayi."

"Linagwa lokha?" anatero Carol. "Anyamata a kwathu komwe analikankha dzulo. Akuti ndi mmene muli makina a ku China."

"Ine kuhaka sindikudziwa, amayi," anatero Laiton, akulankhula Chichewa chake chija chokoka pang'ono ngati Chishona. "Ndimasintha magalasi osweka ndi mabatire, basi. Ku Zimbabwe ankatiuza kuti mabhurandaya inu, pitani kwanu ku Blantyre. Kuno eni dziko akuti makwerekwere, pitani kwanu. Tsopano apongozi akuti Azimbabwe inu, pitani kwanu. Aliyense akudziwa kwathu kupatula ine."

Chrissy anakhala pansi pa simenti, nkhope idakali kukhoma. "Makalata aja ndinatumiza ndine."

Panadutsa tekisi ikuliza hutala, kondakitala akukuwa mayina a malo. Carol anawayang'ana mayi ake kukamwa kuli yasa.

"Inu, amayi?"

"Ndinkafuna achite manyazi. Ndinaiwala kuti manyazi amagwira munthu amene ali yekha, osati amene ali ndi omuombera m'manja."

"Ndiye mukanene pamsonkhano," anatero Carol. "Mukanene pamaso pa onse."

"Ayi, amayi, musatero," anatero Laiton. "Apongozi akuthamangitsani. Ine ndinazolowera."

"Mwazolowera inu, nanga Takunda azolowerenso?" Carol anamangitsa chitenje n'kumukweza mwanayo. "Amayi, mawu anga aja sanasinthe."

"Ndikanena," anatero Chrissy. Mtima wake unapepuka kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Ankaopa, inde, koma ankadziwa kuti choonadi chikangotuluka, mlandu wa Laiton watha.

Chisankho chinachitika Lamulungu lotsatira, m'holo yaing'ono ya lendi kuseri kwa masitolo ku Isipingo komweko. Kunali kotentha, koma mawindo onse anatsekedwa kuti odutsa pamsewu asamve chilankhulo. Amuna anakhala pamipando kutsogolo, akazi pamabenchi kumbuyo pafupi ndi ketulo. A Kenson anakhala kutebulo lalikulu, suti ikuwala, thukuta likutsika m'khosi.

Pemphero litatha, a Chigomezgo anaimirira ndi nkhope ya maliro. Anali munthu wa ku Rumphi, mlonda wa pa fakitale, wokonda malamulo kuposa chakudya. Anati popeza chisankho chalowereredwa ndi akunja, komiti yaona kuti mamembala obadwira ku Zimbabwe asavote kufikira kafukufuku atatha. A Frazer anafunsa kuti kafukufukuyo atha liti. Anayankhidwa kuti atha chisankho chikatha.

Pamenepo Chrissy anaimirira. Mawu anatuluka bwinobwino.

"A tcheya, ndi inu nonse makolo anga, pepani. Palibe wakunja amene analowa m'foni ya amuna anga. Makalata aja ndinkalemba ndine, iwo akulankhula. Kutumiza kwa nonse ndinatumizanso ndine, ndili m'tekisi ya ku Toti. Laiton sakudziwapo kanthu. Ngati pali wochotsa m'bungwe, chotsani ine."

Anthu anayang'anana. Kenaka wogulitsa masokosi uja anaphulika kuseka, ndipo chiseko chinayenda mzere ndi mzere mpaka kutebulo lalikulu. Wina anachita kukumbutsa anzake za mawindo.

"Azimayi ayamba liti kuhaka?" anafunsa wina.

"M'tekisi!" anatero mnzake, akupukuta misozi. "Makina a ku China m'tekisi ya ku Toti!"

"Ndikunena zoona. Ndipatseni foniyo ndikuonetseni pamene ndinadina."

A Chigomezgo anakweza dzanja mwachifundo. "Amama, tamva. Mtima wa kholo tonse tikuudziwa. Nkhuku imabisa anapiye ngakhale a bakha. Khalani pansi."

A Kenson anaimirira, akumwetulira monyada. "Abale, mwaona nokha mkazi amene Mulungu anandipatsa. Wachifundo mpaka kudzinamizira mlandu kuti apulumutse mkamwini. Koma ndikuuzeni, mkazi wangayu foni amangoidziwa potchaja." Anthu anaomba m'manja. Mayi wina anamukoka Chrissy chitenje kuti akhale, n'kumunong'oneza kuti wachita bwino kuyesa.

Chrissy anakhala. Anali atakonzekera kutukwanidwa, kuthamangitsidwa, ngakhale kumenyedwa. Kuomberedwa m'manja sanakukonzekere, ndipo kunamupweteka kuposa zonsezo.

Anavota poimika manja. A Kenson anapambana moti a Chigomezgo sanavutike n'kuwerenga komwe. Asanakhale n'komwe pampando, pulezidenti watsopanoyo anapereka lamulo lake loyamba: membala wa Tiyikane Kwathu akhale munthu wotha kutchula mudzi wake ndi mfumu yake ku Malawi. Manja anakweranso.

Obadwira ku Zimbabwe anaimirira mmodzimmodzi. A Anna, mayi ake a Laiton, anachedwa chifukwa cha mawondo. Anafika pakhomo, n'kubwereranso kudzatenga beseni lawo losambitsira maliro, limene linkasungidwa pansi pa benchi. Palibe anawayang'ana kumaso. Laiton anawagwira mkono n'kutuluka nawo.

"A Pulezidenti, funso," anatero a Frazer. Anali asanadzuke pampando wawo, ndipo ankalankhula ngati munthu wofunsa mtengo wa tomato. "Nanga akazi a anthu atulukawa, ndi ana awo, ali mbali iti?"

"Lamulo silovuta," anayankha a Chigomezgo msangamsanga, atasangalala kuti afunsidwa zimene amazidziwa. "Mkazi wolowoledwa ndi wa kwa mwamuna wake, iye ndi ana. Akamwalira amakayikidwa kwa mwamuna. Ngati mwamunayo alibe mudzi, nayenso alibe."

"Zimenezo ndi za kwanu ku Rumphi," anatero a Kenson, kumwetulira kukuchepa. "Ife Achewa ana ndi a kwa mayi. Carol mudzi wake ndi wa mayi ake, ku Ntchisi."

"Achewa anayamba liti kulandira malowolo?" anafunsa a Frazer. "Ine mutu wanga ndi dzungu, mwina ndaiwala. Koma tsiku lija ndinalipo, ndinadya nawo nyama. Kodi suti mwavalayi sinachokere kwa mnyamata watulukayu?"

Maso onse anapita pa suti. A Kenson anagwira batani la jekete ngati akufuna kulibisa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, a Pulezidenti," anapitiriza a Frazer. "Ngati mwana ndi wa ku Ntchisi, vulani suti mubweze. Ngati munalandira, analowoledwa. Kapena lamulo lanulo tilifafanize, anthu aja tiwaitane asanafike pa siteji."

Chrissy anadzuka theka, manja ali pachifuwa. Mpata unali umenewo. Panangofunika mawu amodzi, ndipo Laiton ndi mayi ake anali asanafike patali. Anawayang'ana amuna ake monga sanawayang'anepo chikwatirane. A Kenson anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana amuna onse amene anali atangowaimikira manja.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. "Mtsogoleri sakondera."

Anthu anaombanso m'manja, ngakhale kuti ulendo uno mochepa. Carol anaimirira, n'kumanga bwino Takunda kumsana. Anayenda mpaka kutsogolo, anagwada monga anaphunzitsidwira, n'kunena kuti, "Zikomo, a Pulezidenti." Kenaka anatuluka, ndipo anatseka chitseko bwinobwino kuti a pamsewu asamve.

Pasanathe masabata awiri, Laiton anagulitsa katebulo kake. Mnzake wina anali atamupezera malo ku Cape Town. Chrissy anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kupita kukawaperekeza kokwerera basi. A Anna anali atakhala kale pampando wa pawindo, beseni lili pamiyendo. Carol sanalire. Anangowakumbatira mayi ake n'kunena kuti, "Munayesa, amayi." Takunda anamukoka Chrissy mpango wakumutu, osafuna kuusiya, mpaka anachita kumumasula zala.

Lamulungu m'mawa a Kenson anadzuka ndi mphamvu za boma. Anavala shati, n'kuima pakati pa chipinda dzanja limodzi m'thumba.

"Tenga foni," anatero. "A Chigomezgo andilangiza kuti tisinthe pasiwedi, akunja asalowenso. Chotsa dzina lilipolo."

Chrissy anatenga foni. Anatsegula pamene panafunika, ndipo dzina la mwana wake linali pomwepo. Analifufuta chilembo chimodzichimodzi, kuyambira kumapeto. Misozi inagwera pagalasi, n'kuipukuta ndi chala chomwecho.

"Ndachotsa. Ndilembepo chiyani?"

A Kenson anayang'ana kudenga, akuganiza mozama monga mtsogoleri. Ntchisi ayi, aliyense akudziwa. Dzina la mfumu ayi, analitchula pamsonkhano. Kenaka nkhope yawo inawala.

"Lembapo lako."

"Langa?"

"Eya, lako lenileni lija. Ndani akulidziwa kuno? Onse amangoti mayi a Carol." Anakanda kumutu pang'ono, kenaka anakumbukira. "Chrissy. Lemba limenelo. Palibe munthu angakuganizire iwe."

Panja Sisi Zanele ankasesa pabwalo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi kwawo. Chrissy analemba dzina lake, foni inamupempha kuti alilembenso kachiwiri, ndipo analilembanso.